Khadi Limodzi, Anthu Awiri

Seoul, 6 Malichi 2005

Okondedwa Amayi,

M'mawa uno kwagwa chipale chofewa pang'ono, chongoyeretsa madenga, ndipo pofika nthawi ya kadzutsa chinali chitasanduka matope. Kuno sindidzutsidwa ndi mafunde. Ndimadzutsidwa ndi basi yoyamba ikamaima pa siteji imene ili pansi pa windo langa. Chitseko chimatseguka ndi mpweya, kenako mzimayi wa m'kamakina amayamba kuthokoza aliyense wokwera: zikomo, zikomo, zikomo. Satopa.

Ine ndili bwino. Kaya inu ndi mlongo wanga Boram muli bwanji? Makutuwo akupwetekabe? Pa foni simundimva, mumangovomera kuti ee pomwe ndafunsa zina, ndiye ndizingolemba. Mankhwala odontheza aja ali pa shelefu ya pamwamba, kuseri kwa botolo la mafuta a chitowe. Mukavuuka m'nyanja kumene mumamira potola nkhono, muzidontheza tsiku lomwelo, osadikira kuti mafinya ayambe.

Kwa Mayi Bang, kumene ndikukhala, chipinda n'chaching'ono koma pansi pamafunda. Amatiphikira m'mawa ndi madzulo. Kimchi wawo, kabichi wowawasa uja, ndi wotsekemera ngati wa ana, nsomba simumveka, koma ndikudya. Kusukulu ndimakwera mabasi awiri, yobiriwira kenako yabuluu. Zamagetsi zenizeni sitinayambe, tikungojambula mawaya pa pepala.

Khadi la basi ndinagula tsiku lomwe ndinafika, la ana asukulu. Ndinathiramo ndalama zokwana mawoni 5,000 ndikuyesa kuti zindifikitsa sabata, koma Lachisanu zinali zitatha. Ndinapita kwa Mayi Gye, amene amakhala m'kabokosi ka pa siteji, kogulitsiramo nyuzipepala ndi chingamu. Ndi amene amathira ndalama m'makadi.

"Iwe wasukulu, dzana lomweli ndakuthirira. Ukulidya khadili?"

"Sindikudziwa, Mayi. Ndimangogunditsa pa kamakina pokwera."

"Potsika?"

"Potsikanso amagunditsa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Atandifunsa kwathu ndinati ku chilumba, kupitirira Wando.

"Ndaona. Kwanuko mukamachoka pakhomo pa munthu simutsanzika? Kamakina ka kuchitseko chakumbuyo kamafuna kutsanzikidwa. Ukagunditsa potsika, n'kukwera basi ya nambala ina mphindi makumi atatu zisanathe, sulipiranso. Ukapanda kutero kamakuyesa mlendo watsopano."

Tsopano ndimatsanzika.

Kathumba kamene munandilukira kakukwana ndendende, ndipo kamakina kamawerenga khadi lili momwemo. Ndimakavala m'khosi, mkati mwa malaya. Ndinaona kuti ulusi wake ndi wa ukonde wobiriwira uja, womwe munalukira kathumba ka abambo atabwera komaliza pa chaka chatsopano, zaka ziwiri zapitazo. Sindikunena kanthu, ndangoona. Zimene munandiuza pa doko ndikuzikumbukira: ndabwera kudzaphunzira, osati kudzasaka munthu amene anasiya yekha kulemba makalata.

Boram asamamangirire galu pafupi ndi poyanika ndere.

Mwana wanu,
Junmo


Seoul, 10 Epulo 2005

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ndipo madzi ayamba kufunda. Ine chimfine chinandigwira sabata imodzi, chinatha chokha. Ndalama munatumiza zinafika. Ndalipira kwa Mayi Bang, ndagula pulaya ndi sikuludiraiva zimene aphunzitsi anatiuza. Musawonjezere, zikukwana.

Munafunsa za anzanga. Alipo amene timakhala nawo m'kalasi. Amanditchula Mchere. Mmodzi, Gwangho, amandinunkhiza paphewa m'mawa uliwonse n'kunena kuti, "Mchere, lero mafunde ali bwanji?" Ndimamuyankha kuti ndi aatali kuposa iye, ndipo ena amaseka chifukwa ndi wamfupi. Zimathera pomwepo. Nkhomaliro ndimadya ndekha pafupi ndi windo. Sizindivuta.

Loweruka timaweruka masana. Ena amapita kukasewera magemu, ine ndimakwera basi. Ndapeza kuti munthu angathe kusintha kanayi pa mtengo umodzi, kungowonjezera pang'ono ngati wapita kutali. Ndimatsika paliponse pamene pandisangalatsa, ndimayang'ana wotchi, ndimakhala pa siteji mphindi makumi awiri ndi zisanu ndikuona anthu, kenako ndimakwera ina. Mtsinje ndawoloka kale pa milatho isanu ndi umodzi. Mayi Gye akuti ndikadzakula ndidzakhala dalaivala kapena wakuba, chifukwa ndi okhawo amene amaloweza misewu chonchi.

Dzulo basi ina inadutsa ku Garibong. Sindinachite kukonza. Nditaona dzinalo pa chikwangwani ndinakumbukira kuti ndi limene linali kuseri kwa envulopu yomaliza ya abambo, imene mumasunga m'bokosi la ulusi. Ndinatsika. Nyumbayo ndinaipeza, ya zitseko zambiri ngati makola a nkhunda. M'chipinda chawo mukukhala anthu ena. Mwini wake ndi nkhalamba yovala vesiti. Ndinaifunsa za abambo potchula dzina lawo.

"A Chu? A ku chilumba aja? Anasamuka kalekale, chisanu cha chaka chatha chisanayambe."

"Anati akupita kuti?"

"Kuno anthu sanena. Ndiwe ndani wawo?"

Ndinati ndine wa kumudzi kwawo. Ananenanso zina zimene sindinazimvetse bwino. Ndinabwerera pa siteji mphindi zisanathe, sindinawononge ndalama.

Musakwiye. Mayeso oyamba ndinakhala wachinayi. Denga la kosungira maukonde lija likufunika kumangidwa mvula isanayambe. Mupemphe a Ma oyandikana nafe, chingwe chilipo kuseri kwa chitseko.

Mwana wanu,
Junmo


Seoul, 22 Meyi 2005

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi Boram. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndinalandira, mizere itatu yonse: ndiziphunzira, ndizidya, ndisamayendeyende. Ziwiri zoyambazo ndikuchita.

Ndakhala ndi pepalali kuyambira m'mawa. Ndilemba momwe zinachitikira, inu muganize nokha.

Dzulo kunagwa mvula. Ndinali m'basi yabuluu imene imadutsa pa msika waukulu wa nsomba, nditaima kutsogolo chifukwa munadzaza. Pa siteji ya msikawo munakwera anthu ovala majombo, basi yonse n'kuyamba kununkha kwathu. Sindinawayang'ane nkhope. Titayenda masiteji anayi, anthu anayamba kutsika. Kuchitseko chakumbuyo ndinkangoona maambulera ndi manja akugunditsa makadi. Ena amagunditsa chikwama chonse, ena foni, mayi wina anagunditsa ndi chiuno chifukwa manja anali ndi katundu. Kenako ndinaona dzanja lamanzere litagwira kathumba kobiriwira kokhala ndi chingwe cha m'khosi. Kanali kakuda ndi litsiro, koma pakamwa pake panali mfundo ziwiri ngati pa kanga.

Ndinayesa kudutsa pakati pa anthu. Chitseko chinatseka. Pa galasi panali nthunzi, ndinangoona msana wa munthu wovala jekete yotuwa, akuyenda mokoka mwendo wakumanja.

Ndinatsika pa siteji yotsatira n'kuthamanga kubwerera. Panalibe munthu, mvula yokha. Pothamangapo ndinaiwala kugunditsa, ndiye pobwerera kamakina kanandidula kawiri. Madzulo Mayi Gye, amene nawonso analimva dzina langa la kusukulu lija, anandiyang'ana yunifomu yonyowa.

"Mchere wasungunuka lero. Waiwalanso kutsanzika? Ndimayesa unaphunzira."

"Ndinali pa changu, Mayi."

"Changu cha mtsikana?"

"Ayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa mkaka wotentha wa m'chitini osandilipiritsa.

Tsopano ndikuuzeni zimene nkhalamba ya ku Garibong inanena. Ndinazimva bwinobwino, ndinakunamizani. Inati a Chu anagwa kuchokera pa nsanjika yachitatu ya nyumba imene ankamanga, anakhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo anasamuka akuyenda ndi ndodo.

Mwina ulusi wotero ulipo wambiri mumzinda muno. Mwina akazi ena amamanganso mfundo ziwiri. Sindikudziwa.

Nsapato za sukulu zayamba kulowa madzi, koma ndamata ndi guluu wa kusukulu. Zifika chilimwe.

Mwana wanu,
Junmo


Seoul, 10 Julayi 2005

Okondedwa Amayi,

Moni. Kuno mvula ikugwa tsiku lachisanu ndi chiwiri, zovala sizikuuma, koma ine ndili bwino. Inu simunayankhe kalata yanga. Boram ndi amene analemba. Akuti munakhala masiku awiri osalowa m'nyanja pomwe kunali bata, mukungosoka ukonde umene sunang'ambike. Mumuuze kuti zilembo zake zayamba kuwongoka.

Pa tchuthi sindibwera. Kusukulu kuli maphunziro owonjezera milungu itatu, zimenezo n'zoona. Chifukwa china mukuchidziwa.

Loweruka lililonse ndimapita pa siteji ya msika wa nsomba. Ndimakhala mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndimakwera basi iliyonse siteji imodzi, ndimawoloka msewu, ndimabwerera ndi ina, ndimakhalanso. Mwa njira imeneyi ndimadikira maola awiri pa mtengo wa ulendo umodzi. Milungu itatu sindinaone kanthu. Loweruka lachinayi, itangokwana 2 koloko, anatulukira pa geti la kumbali.

Ndi iwo, Amayi.

Aonda. Tsitsi layera m'mbali. Ndodo anasiya koma mwendo wakumanja supinda, ndipo dzanja lamanja amalisunga m'thumba. Kathumba kanu kali m'khosi, kunja kwa malaya, kuti azikafikira ndi lamanzere. Amakankha ngolo ya ayisi mumsika kuyambira m'bandakucha, ndinamva mayi wina wogulitsa nkhanu akuwaitana kuti, "A Chu a ayisi, mawa musachedwe." Anamuyankha mwaulemu. Sakuoneka ngati munthu womwa.

Ndakwera nawo basi imodzi katatu. Ndimakhala mpando wa kumbuyo kwawo. Sandizindikira. Pamene ankandiona komaliza ndinali kuwafika paphewa ndipo ndinalibe magalasi. Ana asukulu a yunifomu ngati yanga ali paliponse, ndipo iwo sayang'ana munthu kumaso. Amayang'ana mtsinje basi ikamawoloka, n'kutembenuza khosi mpaka madzi atabisika. Kuseri kwa khutu lawo kuli chipsera cha mbedza chija.

Nthawi iliyonse ndimakonza mawu, ndipo nthawi iliyonse amatsika ndisanatsegule pakamwa. Ndikuopa kuti ndikangoti abambo, asintha basi, asintha msika, ndipo mzinda uno ndi waukulu.

Ndichite chiyani? Mukandiuza kuti ndisiye, ndisiya. Koma mundiuze ndinu, osati Boram.

Mwana wanu,
Junmo


Seoul, 14 Ogasiti 2005

Okondedwa Amayi,

Moni kwa nonse. Kuno kukutentha moti phula likumata nsapato. Ine ndili bwino, maphunziro owonjezera anatha, ndinalumikiza bolodi yonse ya magetsi osapsereza fyuzi.

Katundu wanu anafika: ndere zouma, tinsomba touma, ndi masokosi mapeya awiri. Kalata munalibe, ndinakutumula bokosi kawiri. Peya imodzi ndi ya phazi langa. Inayo ndi yaifupi ndi yotakata. Ndamva.

Dzulo ndinaika masokosiwo m'chikwama n'kupita. Abambo anatuluka nthawi yawo. Pa mzere ndinaima kumbuyo kwawo. Atakwera anagunditsa kathumba, ndipo kamakina m'malo mothokoza kananena mokweza kuti ndalama sizikukwana. Mumadziwa, mzimayi uja sanong'ona. Anagunditsanso, kananenanso. Anthu a pa mzere anayamba kusuntha mapazi. Abambo anapisa m'thumba ndi dzanja lamanzere, n'kutulutsa makobidi awiri okha. Anawerama kwa dalaivala, n'kutembenuka kuti atsike.

Mayi Gye anandiphunzitsa kale kuti khadi limodzi lingalipirire anthu angapo, bola uuze dalaivala usanagunditse. Sindinayambe ndachitapo, ndinalibe womulipirira. Ndinaima pa khomo kuti asadutse.

"Adalaivala, awiri. Wamkulu mmodzi, wasukulu mmodzi."

Dalaivala anadina mabatani, ine ndinatulutsa kathumba m'malaya n'kugunditsa.

"Zikomo, mwana wasukulu," anatero abambo, maso ali pansi. Ndiye pansipo ndi pamene panali dzanja langa ndi kathumba. Anakayang'ana. Anayang'ana kawo. Basi inanyamuka, ndipo ndinawagwira pa chigongono kuti asagwe.

Tinakhala mpando umodzi. Tinadutsa masiteji awiri.

"Junmo."

"Ee."

"Watalika."

"Ee."

"Magalasiwo ndi a chiyani?"

"Owerengera. Ndili pa sukulu ya zamagetsi."

Anagwedeza mutu. Kenako anatambasula dzanja kuti adine belu lotsikira, pomwe kwawo kunali kusanafike.

"Simungatsike nokha," ndinatero. "Takwera awiri pa khadi limodzi. Posintha basi tiyenera kukhalanso awiri. Mukatsika, ine andidulanso."

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

"Mayi wa m'kabokosi."

"Ukupita kuti?"

"Kumene mukupita inu."

Amadziwa kuti ndi ndalama yosakwana kugula ndi buledi yemwe. Inenso ndimadziwa kuti akudziwa. Koma anabweza dzanja.

Tinasintha mabasi mpaka kamakina kanasiya kutikhululukira. Pa basi iliyonse ndinkati awiri, ndipo pa yachitatu anayamba kuima pafupi nane kuti dalaivala aone wachiwiriyo. Tinatsika kumalo kumene tonse sitikukudziwa, n'kulowa mogulitsa supu ya mpunga. Supuni amagwira ndi lamanzere. Lamanja analiika pa tebulo mwadala kuti ndilione. Zala zitatu sizitambasuka.

"Amayi ako akulowabe m'nyanja?"

"Akulowabe. Khutu lamanzere silimvanso."

Anasiya kudya. "Ndinaima pa doko paja, chilumba chonse chikumva, ndinati ndibwera ndi boti la injini, amake Junmo sadzalowanso m'madzi. Anthu anawomba m'manja. Ndibwere ndi chiyani tsopano? Ngolo ya ayisi?"

 Ndinatulutsa masokosi.

"Usawauze kuti wandiona."

"Ndinawauza kale mu Julayi. Awa aluka ndi iwo."

Sanawagwire nthawi yomweyo. Anapukuta dzanja pa buluku kaye.

Ati Loweruka likubwerali ndingathe kubweranso. Sindikudziwa ngati ndikawapeze.

Mwana wanu,
Junmo


Seoul, 4 Seputembala 2005

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndili bwino, sukulu yatsegulidwa. Wailesi ikunena za namondwe amene akubwera cha kum'mwera. Musalowe m'nyanja sabata ino ngakhale akazi ena atalowa, ndipo mitsuko ya pa bwalo muiike m'nyumba.

Abambo ndinawapeza. Ndawapeza Loweruka lililonse. Amatuluka pa geti akuyang'ana uku ndi uku ngati sakufuna aliyense, koma tsiku lina ndinachedwa mphindi khumi ndipo analola mabasi awiri kudutsa. Kumene amagona ndinakuona. Sindifotokoza zambiri. Windo mulibe. Ndinawakonzera soketi imene inkathetheka, ndipo anaitana mnzawo wa chipinda choyandikana kuti adzaone.

Simunandiuze kuti m'sokosi imodzi munapinda ndalama. Anazipeza povala. Sabata yotsatira anandipatsa zili mu envulopu.

"Ukawabwezere amayi ako. Ndawerenga, ndi za basi ya ku Wando ndi boti. Sindine wopempha."

"Sanakupatseni ngati wopempha."

"Ukudziwa chiyani iwe? Ndalama imeneyi ndi nkhono zingati? Alowa pansi kangati ndi khutu limenelo?"

Ndinalandira envulopuyo. Lolemba nditaweruka ndinapita ku depoti yaikulu, ndinaima pa mzere ola ndi theka chifukwa aliyense akugula matikiti opita kwawo ku chikondwerero cha zokolola cha Chuseok, ndipo ndinagula awiri a m'mawa wa pa 17. Dzulo ndinawaonetsa. Anakwiya. Anati ndatengera inu, kuchita zinthu osafunsa. Tinakwera basi, ndipo aliyense anagunditsa khadi lake.

Potsika anati, "Ndidzakuperekeza ku depoti. Kuperekeza kokha. Tikiti inayo ukagulitse, anthu akuzifuna."

Sindigulitsa. Ikatayika yatayika, mudzandikalipire ndikafika.

Ndili ndi pempho limodzi. Pa 17 musabwere ku doko, inu ndi Boram yemwe. Ngati ndili ndekha, njira ndikuidziwa. Ngati sindili ndekha, pa doko padzakhala kale maso okwanira. A Ma musawauze kanthu, akangodziwa iwo ndiye kuti chilumba chadziwa.

Mapeyala a pa mwambo wa makolo kuno ndi okwera mtengo chaka chino, koma ndiona. Mpunga watsopano mugule kwa omwe aja.

Mwana wanu,
Junmo


M'boti, 17 Seputembala 2005

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndili bwino. Zilembo zikupotoka chifukwa ndikulembera pa bondo ndipo nyanja sinakhazikike. Kalata iyi ilibe sitampa, ndikupatsani pamanja. Ndikanena pakamwa ndiyenera kukuwa, ndipo a nyumba zonse za kumtunda amva inu musanamve.

M'mawa kunacha bwino, kopanda mtambo. Nditatsika ndi chikwama ndinawapeza abambo ataima kale pa siteji ya kwa Mayi Bang. Anameta ndevu. Anavala malaya oyera, ndi masokosi anu ngakhale kukutentha. Katundu analibe, ngakhale kajumbo. Sindinafunse chifukwa chake.

Mayi Gye anali akutsegula kabokosi kawo. Anasuzumira pa kawindo.

"Mchere, awa ndi amene wakhala ukupsa nawo dzuwa chilimwe chonse? Ine ndimayesa mtsikana."

"Ndi abambo anga, Mayi."

"Ndaona mphuno. Bambo, mwana wanuyu anabwera kuno osadziwa kutsanzika kamakina. Pano madalaivala akhoza kumamufunsa njira."

Abambo anawerama, n'kuwapatsa khadi lawo kuti athiremo. Basi itafika anakwera patsogolo panga, ndipo ndisanatulutse kathumba kanga anati, "Awiri. Wamkulu mmodzi, wasukulu mmodzi." Mawu anatuluka okwera kwambiri, ngati akuitana boti, moti dalaivala anacheuka.

Ku depoti kunali anthu ngati nyerere, aliyense ndi mabokosi omanga ndi nsalu. Anandiperekeza mpaka pa basi ya ku Wando. Ndinaika chikwama pansi pa basi. Ndinaima pa khomo ndi matikiti awiri m'manja. Iwo anaima pafupi ndi chipilala. Dalaivala anati kwatsala mphindi zisanu, kenako anati zitatu.

"Wasukulu, ukukwera kapena ukujambulitsa?"

"Ndikudikira abambo."

"Ali kuti?"

"Ndi awo."

Dalaivala anawayang'ana, anayang'ana mwendo, n'kunena kuti, "Bwanawe, ana a masiku ano sadikira makolo. Uyu akudikira. Musandichedwetse."

Abambo anavula kathumba m'khosi. Ndinaganiza kuti akufuna ndikubweretsereni, ndipo ndinakonzeka kukana. Koma anamasula mfundo ndi mano, anatulutsa khadi, n'kundipatsa khadi lokhalo.

"Mwatsala ndalama, usataye. Kuchilumba kulibe kamakina."

Kathumba kopanda kanthu anakabwezera m'khosi, n'kukalowetsa mkati mwa malaya. Kenako anagwira chitsulo cha pa khomo ndi dzanja lamanzere n'kukweza mwendo.

Msewu unadzaza, tayenda maola asanu ndi anayi. Pamalo opumira anagula bokosi la mapeyala, anakana kuti ndinyamule. Ndinawafunsa za ntchito ndi katundu wawo. Akuti anakatsanzika kwa abwana awo Lachinayi, ndipo bulangeti ndi ketulo anapatsa mnzawo uja. Ndinati nanga bwanji simunandiuze? Anati ankafuna kusiya mpata woti athawe. Anafunsanso ngati kosungira maukonde kuli poti munthu wa dzanja limodzi angathandize. Ndinati zimenezo akafunse inu.

Boti la injini palibe, Amayi. Musalitchule lero. Mukafuna kuwakalipira, dikirani adye kaye.

Chilumba chayamba kuoneka. M'boti muno muli ana awiri a a Ma ochokera ku Busan ndi akazi awo, mwana wamkazi wa aphunzitsi Ok ndi khanda lake, ndi mdzukulu wa Mayi Pyo amene ali ku usilikali. Mwana wa Mayi Pyo wa ku Incheon chaka chinonso sanabwere. Mwana wamng'ono wa a Ma anawazindikira abambo pa doko la Wando, anangowagwira dzanja n'kuwapatsa fodya, sanafunse kanthu. Pano akhala panja pa benchi, bokosi la mapeyala lili pa miyendo, akuyang'ana cha kwathu.

Ine nditsika woyamba n'kuthamanga. Iwo mtunda wa kwathu uwatengera mphindi makumi atatu, mwina kuposa. Muli ndi nthawi yowerenga kawiri. Boram aike supuni zinayi.

Tabwera awiri.

Mwana wanu,
Junmo